Malume Anga Ogulitsa Nthochi

Ine sindikhulupirira munthu, ndipo khalidwe limeneli linandichititsa manyazi kamodzi kokha.

Bambo a ana anga atasiya ntchito pa esiteti ya tiyi n'kupita ku Halale, anatumiza mawu kuti ndiwatsatire. Ndinkadziwa kuti ndikachedwa ine, akazi a m'tauni sachedwa. Koma ku boma anati mkazi salandira chiphaso popanda nkhoswe yochitira umboni kuti ukwati ulipodi. Nkhoswe yanga inali malume, amene sankafuna kuti ndichoke pamudzi, choncho sindinawauze kanthu. Ndinapita ku Masambanjati n'kupangana ndi mkulu wina wogulitsa nthochi, wa imvi zaulemu, kuti akhale malume anga tsiku limodzi. Ndinawapatsa nkhuku.

Panjira ndinawaphunzitsa zonse: mudzi, mfumu, mayina a ana. Ndinangosiya chimodzi, poti kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake.

Titafika ku boma, kalaliki anafunsa, "Achikulire, mkamwini wanuyo dzina lake ndani?"

Malume anga a nthochi anayamba kutsokomola. Anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine. Ndinaona kuti sitima indisiya. Ndiye ndinalitchula ndekha, lonse, mokweza ngati ndikuitana mwana wosamva. Amayi amene anali pabenchi anagwira pakamwa.

Kalalikiyo anaseka n'kudinda chiphaso. "Pitani, mayi. Achikulirewa ndawamvera chisoni."

Za bodzalo sindidandaula, linandifikitsa ku Halale ndi ana anga. Koma mpaka imfa yawo, bambo a ana anga ankanyadira kwa anzawo kuti mkazi wawo sanawatchulepo dzina chikwatirane. Ine ndinkangowathirira tiyi.