Mabatani m'kambale ka phulusa

Atelala oyandikana nafe anasiya ndudu, koma zala zawo sizinamvebe uthengawo. Akakoka nthunzi ya vepu, ndudu yamagetsi ija, amaigogodabe pakambale ngati akugwetsa phulusa, chonsecho m'kambalemo tsopano mumakhala mabatani. "Fodya ndinamusudzula," amatero. "Uyunso ndi waganyu chabe."

Kale makasitomala ankawathawa chifukwa zovala zinkanunkha utsi. Sabata yatha kunabwera mayi wina amene anawabwezerapo bulauzi yobooka ndi moto wa ndudu. Ananunkhiza diresi laukwati la mwana wake, limene atelalawo anali atangosoka, kuyambira pakolala mpaka pampendero, nkhope ili gwa. Kenako anatulutsa m'chikwama nsalu za operekeza mkwati onse.

"Musokenso izi, bambo."

Atelala anangogogoda vepu pakambale, n'kutambasula tepi yoyezera.