Mawaya a Banjo Yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaba mawaya pa chingwe cha bambo. Ntchito yawo inali yokweza ndi kutsitsa katundu wolemera. Anaiphunzira ku esiteti ya fodya, ndipo kwathu ku Bowe aliyense wofuna kukweza thanki ya madzi kapena kutsitsa injini ankabwera kwa iwo. Zida zawo zinali zochepa: mapolo atatu a bulugama, tcheni buloko yokokera katundu m'mwamba, ndi chingwe cha waya chonenepa ngati chala chachikulu, chokhala ndi diso lokolekera uku ndi uku. Chingwecho ndicho chinkakulunga katundu.

Ine mtima unali pa banjo. Chigubu ndinali nacho, mtengo nditasema kale, kunangotsala nsambo. Anzanga ankasolola waya wa buleki ya njinga, koma kwathu kunalibe njinga yakufa. Chingwe cha bambo chinali ndi timawaya tosawerengeka topotana, ndiye ndinati titatu tokha adzadziwa ndani? Ndinadula ndi pulaya, n'kusolola, n'kumatapo girisi. Tina tinkaduka pokunga, choncho ndinabwererako kangapo. Banjoyo inkalira moipa ndithu, koma ine ndinkadziona ngati katswiri.

Bambo anali ndi lamulo limodzi. Chingwe chisanagwire katundu, munthu azichifumbata ndi nsanza n'kuyendetsa dzanja kuchokera diso ili mpaka linalo. Nsanza ikakodwa, ndiye kuti pali waya woduka. Ntchito imeneyi inali yanga.

Loweruka lina a Saidi, mwini sitolo pamsika, anabweretsa injini ya chigayo pa lole. Mitambo inali itada kumapiri a Ntchisi ndipo dalaivala ankangoliza hutala. Bambo anandiponyera nsanza. Ndinaiyendetsa bwinobwino, koma pofika pamalo ndinadula mawaya paja ndinamasula dzanja.

“Chili bwanji?” anafunsa ali kalikiliki kumanga mapolo.

“Chili bwino, bambo.”

Anakulunga injini, amuna awiri anakoka tcheni, lole inasuntha, injini n'kutsala ikulendewera. Bambo anagwada, nalowetsa manja onse awiri pansi pake kuti awongole matabwa. Pamenepo ndinamva kaphokoso, thi! Kenako kenanso. Ndinakadziwa bwino, chifukwa ndi mmene nsambo zanga zinkalirira poduka. Ndinachita mantha kwambiri, koma ndiyenera kunena zoona: ndinaopa chikwapu kuposa china chilichonse, ndipo pakamwa sindinatsegule.

Bambo nawonso anamva. Anatulutsa manja osathamanga.

“Tsitsani. Pang'onopang'ono. Wina asayandikire.”

Injini inakhala pamatabwa mopendekeka. Bambo anamasula chingwe, anatenga nsanza ija m'manja mwanga, napukuta girisi. Anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

“Chatha ndi dzimbiri?” anafunsa a Saidi.

“Dzimbiri silidula mosalala chonchi,” anatero bambo. Sanandiyang'ane.

Sanandimenye. M'mawa mwake anamangirira chingwecho pachitsa kuseri kwa nyumba, n'kundipatsa sowo yodulira zitsulo.

“Uchidule tizidutswa. Chingwe chodwala sitisunga, wina angadzachitole n'kukwezera katundu.”

Ndinadula masiku awiri. Waya wotere ndi wouma, amaterereka pa sowo, ndipo nsonga zake zimabaya. M'manja munatuluka matuza, fungo la girisi wotentha linandikhala m'mphuno sabata yonse. Nditamaliza, bambo anakankha muluwo ndi phazi.

“Mawaya onsewa ndi ako tsopano. Kaimbe.”

Banjo ija sindinaigwirenso. Patapita milungu itatu anabwera ndi chingwe china kuchokera ku Lilongwe, ndipo tsiku loyamba kuchigwiritsa ntchito anandiponyeranso nsanza.

Lero ndimagwira ntchito yomweyi, kungoti ndimamangira katundu ku kireni, chimakina chonyamula zolemera. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandilanga chifukwa cha kuba, ndipo ndinkaona ngati timawaya tochepa tija sitinali toyenera matuza onse aja. Ndinamvetsa mochedwa, iwo atamwalira kale. Loweruka lija, asanakweze injini, bambo chingwe sanachiyang'ane n'komwe. Analowetsa manja awo pansi pa injini chifukwa ine ndinanena kuti chili bwino.