Munthu Wovula Nsapato M'bwato

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, kwathu ku Nsanje, ndipo sindinaithawe ayi, inandithawa ndi iyo. Madzi anabwera chaka china n'kunyamula kalasi yathu ndi bolodi lomwe. Ndiye mukamva kuti ndinaphunzirako buku la Fomu 4, musandifunse satifiketi. Ndinaliphunzira pakhonde ku Chilobwe, mano atatsala owerengeka, mphunzitsi wake ali mdzukulu wanga wamkazi.

Nthawi imeneyo ndinali nditasiya kunyamula matumba ku Makata. Msana unali utakana, mayi a kunyumba atatsogola kumanda. Mwana wanga wamkazi ananditenga kuti ndikakhale kwa mwamuna wake. Kwathu kuchigwa zimenezi n'zamanyazi, bambo wamkulu kugona pansi pa malata a mkamwini. Munthu wotero salamula, sadzudzula. Chimene amatsala nacho ndi nthabwala basi. Ine nthabwala ndinabadwa nazo, ndiye ndinangoti ntchito yapezeka.

Nyumbayo inali kumtunda kwenikweni, kumene minibasi siifika, kumene wogulitsa makala amafika akutukwana. Kuseri kwake kunali mwala. Sindikunena mwala wokhalira pocheza. Chinali chimwala choposa nyumbayo, chakuda, chopendekera kwa ife ngati munthu wofuna kumva zimene mukunong'onezana m'kati. Chipinda chakuseri chinayang'anana nacho, ndipo m'menemo ndi mmene tinkagona ine ndi adzukulu awiri ang'onoang'ono.

Mkamwini wanga anali kondakitala. Chaka chimene mafuta anasowa, maminibasi n'kumagona pamizere, ntchito inamuthera. Si munthu waulesi, apa ndimuyamikire. Anayang'ana phiri n'kuonamo chakudya cha ana ake. Anayamba kukumba dothi m'munsi mwa chimwalacho n'kumaumba njerwa, dothi lake lofiira, logwira bwino. Miyala ing'onoing'ono imene inachichirikiza ankaiwotcha. Kwa amene simunaonepo: amaunjika matayala akutha pamwala n'kuyatsa, utsi wakuda bii tsiku lonse. Mwala ukapsa amauthira madzi, umalira, n'kung'aluka. Kenako ndi hamala, mpaka usanduke kwale, timiyala ta konkire tija togulitsa pawilibala.

Ine ndinkakhala pakhonde n'kumaonerera.

"Akamwini, mukuchotsatu mafuwa mphika uli pamoto."

Iye ankaseka mpaka kutsamira hamala. "Madala inu simudzatha."

"Ndingoti mukamaliza mundiuze, ndikaitaniretu ansembe. Manda athu akhala otchipa, mwala wapamwamba ulipo kale."

Mwana wanga kukhitchini phwete, ana phwete. Ine ndinkamva kukoma. Ndinkati ndanena, amene ali ndi makutu wamva.

Buku lija linabwera mvula ili pafupi. Linali la Chingerezi, lakalekale, chikuto chitathothoka, ndipo mdzukulu wanga wamkazi uja ankalibwerekana ndi anzake a m'kalasi. Masiku amene lagona kwathu, mtsikanayo ankaliwerenga mokweza pakhonde n'kumandimasulira, ati akamafotokozera munthu wina zimakhazikika m'mutu. Ndinayamba kumutchula kuti aphunzitsi.

Nkhani yake inali ya dziko lozizira, kumene kuli mtsinje waukulu ndi bwato lowolotsa anthu. Mwini bwatolo anali munthu wakhama, wosagona, koma matabwa anali atawola. Pakatuluka bowo ankamatapo phula, mawa n'kukwezanso anthu. Panalinso mlamu wake, munthu wopanda ntchito yeniyeni, wokwera bwatolo tsiku ndi tsiku, woseketsa anthu kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Ameneyo ndinamukonda. Za mabwato musandiuze, ndinakulira pa Shire, ndipo bwato lopanda munthu wocheza limatalikitsa mtsinje.

Aphunzitsi ake enieni kusukulu anawapatsa funso. Anati asonyeze mmene wolemba wagwiritsira ntchito mpangankhani, kutanthauza munthu wa m'bukumo, potulutsa mfundo yaikulu ya nkhaniyo.

"Zimenezo n'zofunika yunifolomu?" ndinatero. "Lemba kuti mwini bwato ndi wouma mutu, ndipo kuuma mutu kumapha. Ukafuna chitsanzo, chili kuseri uko chikuwotcha matayala."

"Agogo, amva."

"Amve. Kuyambira lero ndi akapitawo a bwato."

Dzinalo linagwira. Mkamwini akamabwera thukuta lili kamukamu, ine ndinkaimirira n'kuchita sailuti. Iye sankadziwa za bukulo, koma ankaseka, ndipo nayenso anayamba kuyankha kuti bwato lili bwino.

Mtsikanayo analemba monga ndinamuuzira. Pepala linabwerako ndi mawu ofiira. Aphunzitsi a kusukulu aja anati mwini bwato aliyense wamuona, ngakhale amene sanawerenge bukulo. Abwerere akayang'ane anthu amene akhala m'bwatomo.

Linali tsiku lina masana, mu Disembala. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa phiri, mphepo itaima, nkhuku zitalowa pansi pa wilibala. Mtsikanayo anakhala nthawi yaitali akutembenuza masamba, kubwerera m'mbuyo, kupita kutsogolo, osandimasulira kanthu.

"Aphunzitsi, lero kalasi yanyanyala?"

"Agogo, tamverani apa." Anawerenga pamalo pena n'kumasulira. Mlamu uja akulowa m'bwato, wakhala chakumphepete, wavula nsapato n'kuziika pamiyendo, wayamba nthabwala. Anatembenuza masamba ambiri n'kuwerenganso. Tsiku lina, anthu ena, koma mlamu wavulanso nsapato, waziika pamiyendo. Pena chimodzimodzi.

"Mwina zinkamuthina," ndinatero.

"Pamtunda sizimuthina. Amavula akalowa m'bwato mokha. Ena onse amakhala atavala zawo."

"Ndiye kuti ndi waukhondo."

"Akudziwa kuti madzi akulowa, agogo. Wolemba sananene paliponse kuti munthuyu akudziwa. Wangotionetsa nsapato. Ndipo taonani, nthawi zonse munthu wina akafuna kuyang'ana pansi, ndi pamene iye amaponya nthabwala ya bwato lomira. Anthu akaseka, sayang'ananso."

"Komatu wawachenjeza. Wanena."

"Wanena moti asamve."

Kutali bingu linagunda, lopanda ukali, longa munthu wosuntha mpando m'chipinda china. Mtsikanayo anatseka buku, chala chili m'kati. Sanandiyang'ane kumaso, ndi mwana woleredwa bwino.

"Agogo, mphasa yanu inali kuchipinda chakuseri. Bwanji mvula itayamba munaisamutsira pabalaza, pafupi ndi chitseko?"

"Kumatentha kuseri kuja."

"Nanga nsapato zanu? Kale zinkagona pakhonde. Pano zimagona kumutu kwanu."

Ndinafufuza kanthabwala m'kamwa monse, ngakhale kakale kogwiritsa kale ntchito. Munalibe. Ana awiri aja ankasewera pabwalo ndi galimoto yamawaya. Mphasa zawo palibe anazisuntha.

"Limatha bwanji bukuli?" ndinafunsa.

"Bwato limamira. Mlamu amapulumuka, paja amakhala chakumphepete. Ana a mwini bwato ayi."

M'mawa mwake ndinavala jekete langa la kutchalitchi. Ndinamupeza mkamwini akupala chitseko cha chipinda chakuseri, poti chinali chitayamba kukana kutsekeka. Pakhoma la chipindacho panali mng'alu wochokera pawindo kutsika pansi, ndipo m'munsi mwa chimwala munkatuluka timadzi tofiira pamalo pamene sipanakhalepo kasupe.

"Akamwini, ndili ndi mawu."

"Nenani, madala."

"Mwalawu ukubwera. Chitseko sichinafufume ndi mvula, ndi nyumba imene ikupindika. Chotsani ana m'chipinda umu. Tonse titsike mpaka mvula ithe."

Anandiyang'ana, pakamwa patatseguka pang'ono, kudikira pamene nthabwalayo ipindire mchira. Ataona kuti ndangoima chilili ndi jekete langa, anaseka kuposa masiku onse.

"Lero mwabwera ndi sitayilo ina! Mayi a ana, tabwerani mudzaone, bambo avalira mwala jekete."

Mwana wanga anasuzumira, nayenso anaseka. "Ababa, tiyi akuzizira."

Ndinabwereza kawiri. Kachiwiriko mpaka woyandikana naye nyumba anabwera kudzamvera. Munthu ukakhala zaka zonse ukugulitsa usipa, tsiku lobwera ndi mankhwala anthu amafunsabe kuti mulu ndi bwanji.

Ndinakhala pakhonde n'kumaganiza za wolemba uja, mzungu amene anafa kalekale asanamvepo za Chilobwe. Iye sanakuwe kuti bwato likumira. Anangotenga chizolowezi cha munthu n'kuchiika poonekera. Ndinati ngati munthu amadziwika ndi chimene amachita tsiku ndi tsiku, ndiye kuti akachisiya anthu adzatembenuka.

Ndinatseka pakamwa.

Musaganize kuti n'chapafupi. Mkamwini anadutsa atavala buluku long'ambika kumbuyo, ine chete. Wogulitsa makala anagwa ndi njinga yake pamatope, miyendo m'mwamba, ine chete, mtima ukuwawa. Moni ndinkayankha, chakudya ndinkadya, koma sailuti inatha, akapitawo anatha. Ndinabweza mphasa yanga kuchipinda chakuseri, ndinaiyala kukhoma la mng'alu, ana n'kuwasunthira chakukhomo. Nsapato ndinazisiya pakhonde.

Lachitatu linalake amayi a mphakati anabwera kudzapemphera kolona kwathu. Amayi amenewo ndinkawazunza nthawi zonse, wina kumufunsira ukwati, wina kumunena kuti amaimba ngati geti la ku Makata. Tsikulo ndinangogwira kolona yanga. Pemphero litatha palibe ananyamuka msanga. Mmodzi anakokera mwana wanga pambali, ndipo ndinamva akuti, "Bambowa mwapita nawo kuchipatala? Nkhalamba ikangoti zii chonchi imakhala yaona kanthu."

Madzulo ake, kusanade, mwana wanga anabwera n'kugwada pafupi nane.

"Ababa, mukudwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Alakwa ndani? Bambo a ana anena kanthu?"

Ndinaimirira n'kumugwira dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachite chikhalire ali kamtsikana. Ndinapita naye kuseri. Pakati pa chimwala ndi nthaka yakumtunda panali mpata pamene ana ankabisamo mabulo awo, wolowa dzanja la mwana lokha. Tsikulo munali mutalowa thadzi, likutiyang'ana lili phee. Mwana wanga anabadwira kuchigwa. Fungo la nthaka imene yakhuta madzi ndipo ikufuna kuyenda amalidziwa. Anaima, ananunkhiza, anayang'ana mng'alu, anayang'ana windo la ana ake.

Kwa mwamuna wake anati mtsikana wa mayeso akufunika magetsi, ndipo msuweni wake ku Zingwangwa ali ndi chipinda. Ana apite nawo, agogo apite nawo, iyenso akawaphikire. Mkamwini anati zili bwino, koma iye sangasiye nyumba, akuba angadzasasule malata.

Mvula ya Januwale imeneyo inagwa ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Ku Zingwangwa tinkaima pakhomo m'mawa uliwonse n'kuyang'ana kuphiri, kufunafuna kadontho kakuda pamwamba pa malata athu. Mitambo ikaphimba, mwana wanga ankayenda uku ndi uku ndi foni m'manja. Kukayera, kadontho kanali pomwepo.

Mwalawo sunagwe.

Mvula itatha mkamwini anatsika kudzatenga banja lake, atanenepa ndi chipambano. Anandichitira sailuti pakhomo.

"Madala, bwato lafika tsidya. Okwera onse ali moyo."

Anthu anaseka, ndipo ndivomere, anaiponya bwino. Anati wamata mng'alu ndi simenti, waika chitseko chatsopano, ndipo dzulo lake anakwera pamwamba pa mwalawo n'kudumphadumpha, osagwedezeka. Mwana wanga anamanga katundu. Ine ndinati msana sungathenso chitunda chija, ndipo msuweni uja anandisunga.

Mdzukulu wanga ndiye anatsalira pang'ono, akumanga mabuku ake m'chitenje.

"Aphunzitsi, buku lanu lanama," ndinatero.

"Simunamve lonse, agogo. Masiku ena linkagona kwa anzanga." Anamanga mfundo ya chitenje. "Pakati pali mutu wina. Kukubwera chimphepo, aliyense akuti lero ndi lero, koma bwato likuwoloka bwinobwino. Anthu akumunyamula mwini bwato pamapewa. Kuyambira pamenepo palibe amene akuyang'ananso pansi."

"Ndiye pakutsala masamba angati kuti lithe?"

"Ambiri ndithu."

Mayeso anakhoza, funso lija linabweradi, ndipo anayankha za nsapato. Pano ali kutali, akuphunzitsa ana a eni. Mkamwini zinamuyendera. Njerwa za dothi lija anamangira zipinda za lendi m'munsi mwa nyumba yake, ndipo chipinda chakuseri chija anatsegula khomo lakunja n'kuikamo banja lina lochokera ku Phalombe, la ana atatu. Matayala akuyakabe kumtunda, utsi ndimauona ndili pano.

Nthabwala ndinayambiranso, munthu sungafe ndi njala chakudya chili m'kamwa. Za mwala zokha ndinasiya. Amene amaziponya masiku ano ndi mwana wanga. Ndimamva kuti alendi akafunsa za chimwalacho, iye amaseka n'kunena kuti ndi mlonda wa pakhomo, salipidwa. Koma chaka chilichonse mitambo ikayamba kuunjikana paphiri, ndimamva kugogoda, ndipo ndikatsegula ndimapeza ana ake awiri aja, atakula tsopano, zikwama kumsana. Amati amayi atituma tidzachezere agogo mpaka sukulu itsegulire. M'zikwamamo mumakhala mayunifolomu, makope, ndi nsapato zawo za kutchalitchi.

Ana a ku Phalombe aja sindinawaonepo. Akuti wamng'ono amakonda kubisa zidole zake kuseri, mumpata muja, ndipo amalowamo yense.