Doko la a Onjezani

Tauni yathu anaimanga m'mphepete mwa nyanja, koma nyanjayo inatithawa. Chitsekereni mtsinje waukulu kumapiri kuja kuti madzi azipita kuminda ya kuchigwa, nyanja yakhala ikubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, kutisiyira miyala ndi matope. Ofesi yogulitsira matikiti, imene kale mafunde ankanyowetsa khonde lake, lero kutsogolo kwake kumadya mbuzi.

Sitima ndiyo imalumikiza matauni onse ozungulira nyanjayi. Msewu ulipo, wokhotakhota m'mapiri, koma mvula ikangogwa miyala imagumuka n'kuutseka mpaka chilimwe. Choncho doko lathu la matabwa linkayenera kutsatira madzi kumene akupita. Ntchito imeneyi inali ya kalipentala wina wamfupi, wogontha khutu limodzi, amene tonse tinkawatcha a Onjezani. Dzinali linachokera kwa akaputeni, chifukwa aliyense akakocheza mawu ake anali amodzimodzi: "Madzi achepa apa, madala, onjezani."

Ankaonjezadi. Ankalowa m'madzi ozizira aja mpaka m'chiuno, misomali ili kukamwa, n'kumakhoma mizati tsiku lonse. Doko linatalika mpaka okalamba ankayamba apuma pakati. Kunena zoona, pa ukalipentala sanali katswiri ayi. Mipando yawo inkagwedera, ndipo tebulo limene anawakhomera amayi anga mpaka lero timaliikira kachikatoni kunsi kwa mwendo. Koma doko lawo silinagwetsepo munthu.

Chaka chimene akazi awo anadwala impso, nyanja inatsika kuposa kale lonse. Mayiwo ankayenera kumawoloka mwezi ndi mwezi kukaonana ndi madokotala kuchipatala chachikulu cha kutsidya. Eni sitima analengeza kuti ikadzangokhudza pansi kamodzi, pano izingodutsa. Akomiti a tauni anakhala pansi, anakambirana, anamwa tiyi, n'kugwirizana kuti matabwa agulidwa chaka chamawa.

A Onjezani sanakangane ndi munthu. Anayamba ndi benchi lawo logwirirapo ntchito, kenako mashelefu, khola la nkhuku, mitanda ya denga la khitchini. Mayi ali chigonere m'chipinda ankangomva hamala kuseri.

"Bambo, mukuphwasulanso chiyani kumeneko?"

"Zakutha izi, mayi. Inu gonani."

Tsiku la sitima anayenda nawo pang'onopang'ono, atawagwira mkono. Atatsala pang'ono kufika kumapeto kwa doko, mayi anaima n'kuyang'ana pansi. Anali ataponda thabwa la penti wobiriwira, lokhala ndi bowo la kiyi.

"Bambo, chitseko ichi si cha khomo la kuseri kunyumba?"

"Pondani, mayi, sitima sidikira."

"Nanga kuzizira konseku muzitseka ndi chiyani?"

Bambowo anawatembenuzira khutu logontha lija.

Sitima inakocheza bwinobwino. Mayi anakagonekedwa kutsidyako kwa kanthawi, ndipo pobwera anapeza nyumba ili mbee. Pakhomo panali chiguduli cholendewera, mbale zili pansi, zovala zili pachingwe. Chamatabwa chimene chinatsala ndi bedi lawo lokha.

Mvula inachedwanso, madzi n'kutsikanso. Masana ena a Onjezani anabwera kuchokera kudoko ali chinyowere, anakhala pamwala pakhonde, osavula ngakhale nsapato. Mayi anawayang'ana kudzera pachiguduli paja nthawi yaitali.

"Patsala patali bwanji kuti mufike pakuya?"

"Pang'ono. Koma ndilibe chokhoma."

"Ndiyalireni mphasa pansi. Bwerani ndi hamala."

"Mayi, msana wanuwo?"

"Msana ukawapeza bwanji adokotala sitima ikapanda kuima? Ndidzutseni."

Mwezi umenewo sitima inaimanso. Tinakwera tonse, ine ndemwe, akomiti omwe, tikudandaula kuti dokoli latalika kwambiri, tikuponda bedi la mayi wodwala ndi nsapato zathu zamatope.