Uthenga umene sindinafikitse kwa mkamwini wanga

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi kupita ku boma la Nsanje nditasenza uthenga wa achimwene anga, eni mbumba yathu. Mwana wanga wamkazi anamwalira chaka chatha, nasiya ana aakazi awiri, Tiyamike ndi mng'ono wake. Achimwene anati nthawi yosudzula mwamuna wake yakwana, ndipo anawo abwerere kwathu kwa Mlolo, pakuti mwamuna sangalere yekha ana aakazi. Wotumidwa kukanena zimenezi ndinali ine.

Inu a msinkhu wanga mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Zaka khumi ndi ziwiri, ine ndi bambo a Tiyamike takhala tikulonjerana chapatali. Nanga mawu olemera chotere ndikanawayamba bwanji?

Ndinawapeza atagwada pafupi ndi thanki lagalasi m'chipinda chochezera. Iwo amaweta nsomba zokongoletsa m'nyumba. Zina mwa izo ndi zosowa, zochokera ku mitsinje ya ku South America, zotchedwa pleko. Ndi timilamba totalika ngati chala, ta mizere yakuda ndi yoyera, pakamwa pali kunsi. Anandiikira mpando, iwo nakhala pansi chapambali. Tonse awiri tinapeza poika maso, pa nsombazo.

"Bambo, inayo yabisala m'kapaipi kadothi, kodi yadwala?" ndinafunsa.

"Iyayi, amayi. Ikufungatira mazira. Lero ndi tsiku lachisanu isanadye."

"Ndiye make ameneyo."

"Pepani amayi, ameneyo ndi bambo. Make ndi uyo akuyendayenda ukoyo."

Anandifotokozera kuti anadikira zaka ziwiri kuti adziwe yamphongo ndi yaikazi, pakuti zikadali zazing'ono sizisiyana. Munthu amaziika m'beseni loyera ndi kuziyang'ana chakumwamba. Yamphongo mutu wake ndi wotakata, ndipo zipsepse za pachifuwa zili ndi timinga. Yaikazi ndi yonenepa pamimba. Palinso mtundu wina wofanana nawo kwambiri, umene mizere yake imakhotakhota, moti wopupuluma amakwatitsa nsomba zosiyana mtundu.

"Diso anali nalo ndi malemu," anatero. "Timingato anayamba kutiona ndi iwo. Ine ndinkatsutsa, mpaka anandiseka kuti ndikagule magalasi."

Mwana wanga yemwe, ndinamubereka ndi kumulera, koma sindinkadziwa kuti ankadziwa zoterezi.

Kenaka mkamwini wanga analankhula, maso ali pagalasi pomwepo.

"Chimene mwadzera ndikuchidziwa, amayi. Mukawatenga sindikana, mwambo ndimaudziwa. Koma wamng'onoyo sadya phala lopanda nsinjiro. Ndipo Tiyamike akakhala duu, musamufunse. Amanena yekha tsiku lachiwiri."

Ine, agogo awo, zonse ziwirizi sindinkazidziwa.

Mwambo wathu sindikuunyoza. Makolo anauika ataona ana amasiye akuzunzika m'nyumba za amuna amene anakwatiranso maliro asanazizire, ndipo amuna otero alipo mpaka lero. Ndi maso angawa ndaona ana amene kutengedwa ndi amalume awo kunawapulumutsa. Koma kodi ndi kangati timakhala pa mphasa kumudzi ndi kugamula za nyumba imene sitinalowemo chiikire maliro? Timangomva kuti watsala ndi mwamuna, basi nkhani yatha. Munthu wadikira zaka ziwiri kuti asalakwitse pa kansomba, ife tsogolo la ana awiri tinalimaliza masana amodzi, tisanaone nkomwe amene amawaphikira.

Uthenga uja sindinaunene. Anandiperekeza kokwerera minibasi akuyenda kumbuyo kwanga monga mwa ulemu, ndipo potsanzikana anangothokoza mwa Chisena, "Takhuta, mai."

Nditafika kwathu ndinagwada pamaso pa achimwene.

"Achimwene, uthenga wanu ndabwerera nawo. Kusudzula tiwasudzule, koma ana asachoke."

"Mlongo, mwayamba kuthyola mwambo ukalamba uno?"

"Sindikuthyola. Ndikupempha kuti mukakhale m'nyumba ija tsiku limodzi, kenaka mugamule."

Anang'ung'udza nthawi yaitali, nadandaula za maondo awo ndi za fumbi la pamsewu. Pomaliza anati apita Loweruka. Chimene akagamule sindikuchidziwa, ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Inu amene mukukonzekera kukatenga ana a malemu wanu mwezi uno, imani kaye pakhomo. Kodi phala limene wamng'onoyo amadya mukulidziwa?