Chovindikira TV chimene amayi analuka

Amayi anga anafika kwathu ku Bangwe ndi chikwama chimodzi, thumba la mbatata ndi bodza. Anati abwera kudzakhala nafe masiku ochepa kuti azikaonana ndi dokotala wa maso m'tauni, ngati kuti kwawo ku Machinjiri kulibe minibasi. Dokotala ameneyo sanamuone mpaka lero. Maso awo ankaona fumbi la pamwamba pa kabati iwo ali pakhomo.

Chimene anabwerera tonse tinkachidziwa, koma panalibe wochitchula. Ndinali woyembekezera kachitatu, m'nyumba mulibe mwana. Mimba ziwiri zoyambazo zinapita padera. Yoyamba ndiyo inandiswa mtima kwambiri, chifukwa ndinali nditathamangira kale ku kaunjika ku Limbe kukagula timasokosi ndi tizipewa, n'kumaonetsa aliyense pampopi. Akuluakulu anandichenjeza kuti mwana wosabadwa sagulirwa zovala, ine ndinati zimenezo n'zakumudzi. Nditabwerako kuchipatala chimanjamanja, ndinapeza tizovala tija tili pabedi, topindapinda bwino. Amayi ndi amene anatilongedza mwakachetechete n'kukatipereka kutchalitchi.

Ndiye ulendo wachitatuwu tonse tinasoka pakamwa. Mayi wa nyumba yoyandikana akati, "Mwanenepatu masiku ano," ine ndinkangoti ndi mbatata.

Tsiku lina titangodya chakudya chamasana, amayi anaima kutsogolo kwa TV yathu, manja m'chiuno. Inali kaTV kakang'ono kaja ka linunda kumbuyo, kamene amuna anga ankakakonda kuposa abale awo ena.

"TV yanuyi mwaisiya mbulanda," anatero amayi. "Ndiilukira chovindikira."

Pa kuluka amayi sankapikisana ndi munthu. Ankaluka zopyapyala zija za timabowo, zooneka ngati masamba olumikizana, ndi singano ziwiri zimene malemu bambo anawanolera kuchokera ku masipoko a njinga. Kwawo mipando, tebulo, wailesi, ngakhale botolo la shuga, zonse zinali zovala. Choncho mawu awowo sanadabwitse munthu. Ine ndekha ndinaona kuti polankhulapo sanayang'ane TV.

Amuna anga, amene amawotcherera mageti ku Limbe, anasangalala ngati akwezedwa pantchito. Anasisita manja n'kunena mwaulemu, "Chikhale chofiira ndi choyera, amayi, ngati n'kotheka." Munthu ameneyu timu yake yofiira ikaluza sadya.

"Chofiira ayi, bambo," anayankha amayi. "Eni nyumbayi ndi a timu ya buluu. Akasuzumira pawindo, mwezi wamawa tigona panja."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti mu Blantyre muno mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Buluu anali wa eni nyumba, komanso wa chipani. Chikasu chinali cha chipani china. Wobiriwira kwambiri analinso ndi eni ake, olenji chimodzimodzi. Amayi anati iwo sangaononge maso awo miyezi yathunthu kuti anthu adzati m'nyumba muno mumachitikira misonkhano. Amuna anga atatopa anati, "Nanga pinki?"

"Pinki ndi wa atsikana," anatero amayi. "TV imeneyi sitinaidziwe."

"Aa, amayi, TV imakhalanso yaimuna kapena yaikazi?"

Amayi anawerama n'kuyamba kutola nyenyeswa zimene panalibe. Ine ndinawaponda phazi amuna angawo pansi pa tebulo, iwo anangolisuntha, n'kupitiriza kuseka okha. Ndinkafuna kuwabaya ndi sipoko. Pofuna kutseka nkhani ndinati tingogula ulusi woyera basi. Amayi anandiyang'ana diso limodzi lija ankandiyang'ana ndili mwana.

"Choyera chokhachokha ayi," anatero. Nsalu yoyera yokhayokha tonse awiri tinali titaiona kale, ndipo tinkadziwa chimene imakulunga.

Mmawa mwake tinakwera minibasi ya ku Limbe. M'sitolo ya ulusi munali mayi wachikulire wachisilamu, wa mpango wofiirira, wosathamanga polankhula. Amayi anamuuza kuti tikufuna ulusi wolukira chovindikira TV, iye anatsitsa ulusi wa thonje wolimba uja, umene aliyense amalukira zoyala pamipando. Kunena zoona, wa TV weniweni unali umenewo. Amayi anaukhudzitsa patsaya n'kuubweza.

"Ndi wokhakhala ngati chinkhupule chatsopano."

Mayi uja anatsitsa wina wonenepa, wa majuzi. Amayi anati timabowo sitingaoneke, komanso TV ingachite thukuta. Anatsitsa wina wonyezimira, wa tiubweya, umene ine ndinaukonda. Amayi anaupemerera, tiubweya tinauluka, n'kunena kuti timeneti tingalowe m'mphuno. Manyazi anandigwira. Kumbuyo kwathu kunali atsikana awiri ogula riboni, ndipo ndinawamva akunong'onezana za TV ya mphuno.

Mayi wa m'sitoloyo sanaseke. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kuyambira kumaso kutsika, kenako anawerama pansi pa kauntala n'kutulutsa mpukutu wa ulusi woonda, wofewa ngati mkati mwa khutu la mbuzi.

"TV zina zimafuna uwu," anatero. "Suyabwa, susuluka, ndipo ngakhale TV itaunyowetsa tsiku lililonse, umachapika."

Amayi anauika pakhosi, anatsinzina, n'kugwedeza mutu. Anasankha wa kirimu, ndipo wa m'mphepete anatenga wobiriwira pang'ono ngati mkati mwa kabichi, umene anati palibe chipani chingaudziwe. Mayi uja atafunsa kuti TV yake ndi yaikulu bwanji, amayi sanatambasule manja monga amayezera anthu. Anawapinda pachifuwa, dzanja lina pamwamba pa linzake, n'kuwagwedeza pang'ono. Mayi uja anawonjezera mipukutu iwiri. Tikutuluka anati, "Mulungu aisunge TV yanuyo, mayi." Ndinayenda mpaka pa siteji ndikunamizira fumbi la m'maso.

Kuluka kunayamba nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri la Bangwe. Amayi ankakhala pakhonde atafunda chitenje, masipoko akulira pang'onopang'ono, ndipo asanagwire ulusi ankasamba m'manja ndi sopo. Amuna anga akaweruka ankayamba kukayendera ntchitoyo ngati kapitawo.

"Sichinakwane, amayi?"

"Sichinakwane, bambo."

Chinapitirira kukula kwa TV, chinapitirira ndi tebulo lomwe TV inakhalapo. Amuna anga anabwera ndi tepi yawo ya kuntchito, anayeza TV, anayeza choluka, n'kukanda mutu. Anafunsa ngati amayi akulukira TV ya m'nyumba zoonetsera mafilimu za ku msika. Tsiku lina anadandaula kuti timabowoti tizilowetsa fumbi lomwe tikulithawalo. Amayi anayankha kuti timabowo n'topumira. Iwo anati, "Zoonadi, imatentha kumbuyoku," n'kupita kukasamba ali okhutira. Ndinkawayang'ana n'kumadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu ndinamuona chiyani. Ndinkawakalipira mpaka mawu kutha, kenako ndinkapezeka ndikuseka ndekha kukhitchini.

Choopsa anachichita Loweruka lina amayi atapita kumsika. Anatenga choluka chija, masipoko ali lendelende, n'kuchivindikira pa TV kuti aone mmene chikukhalira. Chinatsika mpaka pansi, TV inaoneka ngati mkwatibwi wamfupi. Amayi atalowa, dengu linatsala pang'ono kugwa. Mpongozi sakalipiridwa, ndiye anangoti, "Zikomo, bambo," n'kuchichotsa ndi manja awiri. Anakachichapa chosatha chomwecho. Kuseri anandinong'oneza kuti, "Amuna akowa mutu anauwotcherera limodzi ndi mageti."

Koma kuseka sikunkachotsa mantha. Mmawa wina ndinadzuka m'mimba muli zii, osamva kugunda monga masiku onse. Ndinathamangira kusikelo. Anamwino anandiyeza n'kunena kuti zonse zili bwino, munthu wake ndi waulesi chabe. Nditabwerera ndinapeza amayi ali pakhonde, akulumikiza mphepete ya kabichi ija, ndipo mtima unandiphulika.

"Amayi, tasiyani zimenezo," ndinatero. "Ana a yani mukuwanamiza? Mukufuna ndidzapezenso chinthu chili pabedi chikundidikirira?"

Masipoko sanaime.

"Ichi sichidzaikidwa pabedi," anatero. "Zikavuta, TV ilipo. Chidzakhala pamenepo, alendo azidzati n'chokongola, ndipo palibe adzapite nacho kutchalitchi mobisa. Sindikufuna kudzalongedzanso zinthu zako, mwana wanga. Koma kungokhala manja ali pamwendo ndalephera."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwagwirira mpukutu wa ulusi. Kuyambira tsiku limenelo TV ija ndinadana nayo. Ndikadutsa pabalaza ndinkaiona ngati mkazi mnzanga amene akudikirira kuti ndigwe. Choluka chinali chimodzi, ochifuna awiri, ndipo ndinkapemphera kuti TV isachipeze. Amuna anga akaiyatsa kuti aonere mpira ndinkawauza kuti ikundipweteketsa mutu, iwo ankatsitsa mawu n'kuisendera pafupi ngati akuipepesa.

Nthawi itakwana tinapita kuchipatala ndi amayi, beseni ndi zitenje zakale. Choluka chinatsala kunyumba, m'kabati, pakuti malinga ndi lamulo la amayi chinali chikadali cha TV. Za ululu sindinena, amene anapitako akudziwa. Chimene ndimakumbukira ndi kulira. Kamtsikana kanatuluka ndi mkwiyo ngati wanga, kakukuwa mpaka anamwino anati ameneyu adzakhala kondakitala. Amayi anakaona, anakawerenga zala, anatembenukira kukhoma kwa kanthawi. Kenako anatenga foni yanga n'kuimbira mpongozi wawo.

"Bambo, pitani kunyumba, mutsegule kabati, mubweretse chovindikira TV chija."

Ndinamva mawu a amuna anga akuyankha kuti ali panja pomwepo, pageti. Amayi anabwereza pang'onopang'ono, monga amalankhulira ndi munthu wovutika kumva zinthu, kuti apite kunyumba. Iwo anangoti, "Chabwino, amayi."

Nthawi yoona odwala itangokwana, analowa m'wodi ali woyamba, jekete lotupa kutsogolo ngati nawonso akudzachira. Azimayi a mabedi ena anayamba kuseka. Anafika pabedi panga, anatsegula zipi, n'kutulutsa choluka chija, chopindidwa mokhotakhota, chofunda ndi thupi lawo. Anali atachitenga pamene ife tinkanyamuka, ndipo nthawi yonseyo anakhala nacho pageti.

"Munadziwa?" ndinawafunsa.

"Ine ntchito yanga ndi yoyeza," anatero. "Ndingalephere kuyeza TV yanga yomwe? Ndinkangoona kuti mukayamba kundikalipira mumaiwala kuopa."

Amayi analandira cholukacho, anachikung'untha, n'kumukulunga mwana. Kirimu uja anamukhala bwino, timabowo tikuonetsa khungu lake pang'onopang'ono. Pokonza ngodya imodzi anaipindira kunja dala. Pamenepo panali kaduwa kakang'ono ka ulusi wofiira, kamene ine ndinali ndisanakaonepo.

"Eni nyumba sakaona, bambo," anatero amayi. "Kazikhala mkati."

Amuna anga anakagwira ndi chala chawo chakuda ndi ntchito, ndipo anayamba kulira poyera, pamaso pa apongozi awo ndi wodi yonse.

Mwanayo pano ali ku pulayimale, pakamwa pake sipatsekeka, ndipo amachemerera timu ya buluu pofuna kupsetsa mtima bambo ake. TV ija inakhala mbulanda zaka zake zonse mpaka inafa ndi fumbi. Amayi anatilukira zoyala pamipando, patebulo, ngakhale pafiriji, koma pa TV sanalukirepo kanthu, ndipo palibe anawapempha. Alendo akafunsa kuti bwanji chinthu chimodzi chokhachi n'chosavala m'nyumba yonse, amayi ankayankha osakweza mutu pa masipoko awo kuti chake anatenga mwini wake.