Msilikali wa pa tisheti

Ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Chitipa, ndipo mawu oti "sindikudziwa" sanatulukepo m'kamwa mwanga. Tsiku lina bambo ena achikulire, mlimi wa khofi ku Misuku, anatola tisheti yokhala ndi nkhope ya msilikali wamamendulo.

"Mwana wanga, uyu ndani?"

"Munthu wa Mulungu, adada. Anamasula dziko lake."

Anagula osanenerera. Atachoka, mphunzitsi wina amene ankasankha masokosi anandiuza kuti msilikaliyo anapha anthu ake osawerengeka. Ine ndinangopitiriza kupinda mabuluku.

Patapita miyezi bambo aja anabweranso, tisheti ili pathupi. Kwawo kwabadwa mdzukulu, ndiye ankafuna dzina la munthu wa Mulunguyo. Ine ndinangowatchulira dzina langa.

Choncho ku Misuku kuli khanda la dzina la wabodza. Komabe ine sindinaphepo munthu.